Mbiri ya George Orwell, wapolisi wa atsamunda amene anabisa dzina la makolo ake

M'manda a chalichi ca All Saints m'mudzi wa Sutton Courtenay ku England muli mwala umene sunena zambiri. Pamwalapo palembedwa dzina la Eric Arthur Blair, tsiku limene anabadwa mu 1903 ndi tsiku limene anamwalira mu 1950. Mlendo angathe kupitirira osadziwa kuti amene agona pamenepo ndi a George Orwell, mlembi wa mabuku ochuka a Animal Farm ndi Nineteen Eighty-Four, amene awerengedwa m'masukulu a maiko ambiri.

Asanakhale mlembi, a Blair anali mmodzi wa akulu a apolisi m'boma la atsamunda la Britain. Nchitoyi anaigwira zaka zisanu ku Burma, dziko limene kuyambira mu 1989 lichedwa Myanmar. Atatsala pang'ono kumwalira anasiya mau akuti pasapezeke munthu wolemba mbiri ya moyo wao. Mauwo sanasungidwe. Mu 1980 a Bernard Crick anatulutsa buku lalikulu la mbiri yao, ndipo kucokera nthawi imeneyo akatswiri ena akhala akufufuza m'makaundula a machalichi, m'mabuku a boma la atsamunda la India ndi m'zikalata za eni akapolo. Zimene apeza zionetsa kuti mnyamatayu sanalowe upolisi mwangozi. Makolo ake, kucimuna ndi kucikazi komwe, anadya za ufumu wa Britain kwa mibadwo ingapo iye asanabadwe.

Mzera wa kucimuna uyambira pa a Charles Blair, mwini cuma wa ku Dorset amene anakhala ndi moyo m'zaka za m'ma 1700. Cuma cao cinali kucokera ku cisumbu ca Jamaica, kumene anali ndi minda yolimidwa ndi akapolo ocokera ku Africa. Eni ake anali kukhala phee ku England, akapitao ndiwo anali kuyang'anira minda, ndalama n'kumabwera pa sitima. Ndi cuma cimeneco a Blair anakwatira mkazi wa ku banja lacifumu, Lady Mary Fane, mwana wa Earl wa Westmorland. Ukwati umenewu ndiwo unakhala conyadira ca banja la Blair mpaka kale-kale. Cithunzi cojambula pamanja ca Lady Mary cinapatsirana mibadwo, ndipo ngakhale a Orwell eni ake, amene anadzadziwika monga mdani wa anthu odzikweza, anacipacika pa cipupa ca nyumba yao ya lendi ku London.

Pamene nyumba ya malamulo ya Britain inathetsa ukapolo ndi lamulo la mu 1833, boma linapatula mapaundi 20 miliyoni a cipukuta misozi. Koma misozi imene inapukutidwa inali ya eni akapolo. Anthu amene anagwira nchito yakalavula gaga popanda malipiro sanalandire ngakhale kakobiri. Mu 2013 akatswiri a pa University College London anaika poyera kaundula wa onse amene analipidwa, ndipo dzina la Blair linapezekamo: mapaundi 4,442 pa anthu 218 a ku Jamaica.

Komabe cuma ca akapolo sicinakhalitse m'banjamo. Ana anali ambiri, cogawana cinacepa, ndipo pofika pa ambuye ao a Orwell, a Thomas Richard Arthur Blair, panali pofunika kugwira nchito kuti munthu adye. Iwo anakhala mbusa wa mpingo wa Anglican. Anayendayenda m'maiko a atsamunda, anapeza mkazi wa ku banja la Hare ku Cape, m'dziko limene tsopano ndi South Africa, ndipo potsiriza anakhazikika pa parishi ya Milborne St Andrew ku Dorset. Anamwalira mu 1867, mwana wao Richard Walmesley Blair ali ndi zaka khumi zokha.

Richard ameneyu, amene anadzakhala atate ao a Orwell, anapita ku India ali ndi zaka 18 ndi kulowa nchito mu dipatimenti ya boma yoyang'anira opium, mankhwala ozunguza bongo ocokera ku duwa lina lolimidwa m'zigwa za mtsinje wa Ganges. Nchito yao inali kuyendera alimi, kupima minda, ndi kuona kuti zokolola zonse zagulitsidwa ku boma pa mtengo umene boma lomwelo linaika. Mankhwalawo anali kutumizidwa makamaka ku China, kumene anaononga anthu miyandamiyanda. Britain inamenya nkhondo ziwiri ndi China, yoyamba kuyambira mu 1839 ndi yaciwiri kuyambira mu 1856, pofuna kuti msika umenewu usatsekedwe. A Richard Blair anagwira nchitoyi zaka zoposa 35 osakwera kwenikweni pa udindo. Amene anawadziwa anati anali munthu waulemu, wosalankhula-lankhula, wokonda kalabu yake ndi masewera a gofu.

Mzera wa kucikazi ndiwo uli ndi nkhani zambiri, ndipo ndiwo umene a Orwell anakhala nawo cete. Amai ao, a Ida Mabel Limouzin, anabadwira ku England mu 1875 koma anakulira ku Moulmein, mzinda wa pa doko kumwera kwa Burma umene tsopano uchedwa Mawlamyine. Banja la Limouzin linali la ku France. Linakhazikika ku Moulmein, ndipo linalemera ndi malonda a matabwa a teak ndi kukhoma maboti. Pa nthawi ya mtendere wao anali ndi anchito a pakhomo ambirimbiri. Pambuyo pake atate ao a Ida, a Frank Limouzin, anataya cuma cambiri pa malonda a mpunga amene sanayende bwino, kotero kuti Ida anapita kukaphunzitsa pa sukulu ya atsikana ku Naini Tal, m'mapiri a kumpoto kwa India. Kumeneko ndiko anakomana ndi a Richard Blair, amene anali wamkulu kwa iye ndi zaka 18.

Mwana wao woyamba, Marjorie, anabadwa mu 1898. Eric anabadwa pa 25 June 1903 ku Motihari, tauni yaing'ono ya m'cigawo cimene lero ndi Bihar, pafupi ndi malire a Nepal. Tauni yomweyo ndiyo imene Mahatma Gandhi anafikako mu 1917 kukaimira alimi oponderezedwa a ku Champaran, cimene cinali ciyambi ca nkhondo yake yopanda zida m'dziko la India. Koma pamenepo n'kuti Eric atacoka kale. Mu 1904 amai ake anatenga ana ndi kupita nao ku England, kusiya bambo yekha ku India. Kupatula ulendo umodzi wa chuthi mu 1907, umene unabweretsa mwana wacitatu Avril, mnyamatayo sanakhale ndi atate ake mpaka pamene anapuma nchito iye ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Atakula anakumbukira atate akewo monga nkhalamba ya mau okalipa imene nchito yake inali kuletsa.

Linali banja lodziwa makhalidwe onse a anthu olemera koma lopanda ndalama zake. Eric anatumizidwa ku sukulu yogonera komweko ya St Cyprian's ku Eastbourne mu 1911, kumene anamucepetsera malipiro cifukwa ca nzeru zake, ndipo iye sanaiwale manyazi okhala mwana wosauka pakati pa ana a anthu acuma. Atapambana mayeso, mu 1917 anapeza malo aulere pa Eton, sukulu imene yaphunzitsa nduna zazikulu zambiri za Britain. Atafika kumeneko analeka kulimbikira. Anzake anapitirira ku mayunivesite a Oxford ndi Cambridge, koma iye analibe magiredi opezera thandizo ndipo atate ake analibe ndalama zomulipirira. Cotsala cinali njira imene makolo ake anayendamo kale, ya kum'mawa.

Analemba mayeso olowera upolisi wa ufumu ku India ndipo anakhala wa nambala 7 pa anthu 26 amene anakhoza. Atafunsidwa kumene afuna kukagwira nchito, anasankha Burma, dziko limene anzake ambiri anali kulipewa, cifukwa kunali abale a amai ake. Mu October 1922 anakwera sitima ya pamadzi ya Herefordshire, ndipo mwezi wotsatira anafika ku Rangoon ali ndi zaka 19. Anatumizidwa ku sukulu ya apolisi ku Mandalay, mzinda umene unali likulu la mfumu yotsiriza ya Burma, Thibaw, imene Angelezi anaicotsa pampando mu 1885 ndi kuipitikitsira ku India.

Burma panthawiyo inali kulamulidwa monga cigawo cabe ca India. Inali ndi anthu pafupifupi 13 miliyoni, apolisi pafupifupi 13,000, ndipo pamwamba pa onsewo panali akuluakulu osakwana 100, pafupifupi onse azungu. Okalamba amene akumbukira apolisi a Northern Rhodesia ufulu usanabwere mu 1964 aidziwa bwino ndondomeko imeneyi: mzungu wacicepere wongocoka ku sukulu kulamula amuna acikuda a msinkhu wa atate ake, amene adziwa dziko ndi anthu ake kuposa iye. A Blair anaphunzira malamulo, kuguba ndi zinenero. Pa zinenero anali katswiri. Mnzao wina wa pa sukuluyo, a Roger Beadon, anakumbukira kuti iwo anali kutha kukambirana bwino-bwino ndi ansembe a cipembedzo ca Buddha m'cinenero ca Burma, pamene anzao anali kubvutika nazo. Koma ku kalabu ya azungu sanali kupitako kawirikawiri. Anali kukonda kukhala yekha m'cipinda ndi mabuku.

Atamaliza maphunziro anayamba kusamutsidwa uku ndi uku. Kuciyambi kwa 1924 anali ku Myaungmya, m'madambo a mtsinje wa Irrawaddy, dziko la udzudzu ndi mpunga. Kenaka anapita ku Twante, kumene ali ndi zaka 21 zokha anali kuyang'anira citetezo ca anthu pafupifupi 200,000. Anakhalako ku Syriam, kumene kunali fakitale yoyenga mafuta ya kampani ya Burmah Oil, ndipo mu 1925 anafika ku Insein, kumene kuli ndende yaikulu imene maboma a asilikali a Burma anadzaigwiritsa nchito pambuyo pake kutsekeramo otsutsa. Nchito ya mkulu wa apolisi inali kufufuza milandu ya kuba ndi kupha, kuyendera mapolisi a m'midzi, ndiponso kusonkhanitsa malipoti a akazitape onena za anthu amene boma linali kuwakaikira. Mlembi amene anadzacenjeza dziko lonse za boma lozonda nzika zake anayamba waiona nchitoyo ali mkati mwake.

Sanali wapolisi wa mtima wa nkhunda. Iwo eni anabvomera m'buku la The Road to Wigan Pier kuti pokwiya anamenyapo anchito ao ndi onyamula katundu, ndi kuti nkhope za akaidi ndi za anthu amene anawanyoza zinawatsata zaka zambiri. Palinso umboni wa munthu wa ku Burma. A Maung Htin Aung, amene anadzakhala mkulu wa yunivesite ya Rangoon, anasimba kuti mu 1924 pa siteshoni ina ya sitima mu Rangoon mwana wa sukulu anagunda a Blair mwangozi, iwo n'kugwa pa masitepe. Atadzuka anakwapula mwanayo ndi ndodo pamsana. Ophunzira a pa yunivesite amene anaona zimenezi anawatsatira m'sitima ndi kukangana nao ulendo wonse. Codabwitsa n'cakuti bwanayo sanaitane apolisi ake kuti awamange. Anakhala pansi ndi kutsutsana nao mpaka anatsika.

Munthu yemweyo anatemera mphini zazing'ono zobiriwira pa mfundo za zala zake, monga acitira anthu a m'midzi ya ku Burma pofuna kudziteteza ku zipolopolo ndi njoka. Mzungu wa udindo wake sanali kuyembekezeka kucita zotere.

Mu April 1926 anatumizidwa ku Moulmein, kwao kwa amai ake. Apa ndi pamene ofufuza mbiri ya banjali apeza zimene mabuku oyamba sananene. Ambuye ao aakazi, a Theresa Limouzin, anakhala m'dzikomo zaka makumi anai, ndipo mdzukulu wao anadzadandaula m'kalata ina kuti m'zaka zonsezo sanaphunzire ngakhale liu limodzi la cinenero ca eni dziko. Koma amuna a m'banjamo sanatalikirane nao conco anthu a kumeneko. A Gordon Bowker, amene anatulutsa mbiri ya a Orwell mu 2003, anaonetsa kucokera m'makaundula kuti amalume ao ena anabereka mwana ndi mkazi wa ku Burma, ndi kuti mbale wina wa m'badwo wam'mbuyo anali ndi mwana kwa mkazi wa ku India. Kunena kwina, bwana wa apolisi a ku Moulmein anali ndi asuweni a magazi osakanizika m'dziko limene anali kulilonda.

Imeneyi sinali nkhani yaing'ono masiku amenewo. Anthu obadwa kwa mzungu ndi mkazi wa m'dzikomo sanali kuloledwa m'makalabu a azungu, nchito zapamwamba zinali zotsekeka kwa iwo, ndipo mzungu wodziwika kuti ali nao pa cibale anali kunyozeka. M'buku lao la Burmese Days a Orwell anajambula bwino lomwe kuzunzika kwa anthu otere, ndipo anaonetsa mzungu amene asunga mkazi wa ku Burma m'nyumba kenaka n'kumutaya pamene kwabwera mtsikana wa ku England. Koma za asuweni ao eni-eni sanalembe kalikonse m'mabuku ao, ngakhale kuti anali munthu wosaopa kuulula zolakwa zake zina. Pamenepa wolemba wolimba mtima uja anakhala mwana wa banja lake.

Nkhani ziwiri zazifupi zimene zinawachukitsa zicokera m'zaka zimenezi. Yoyamba, A Hanging, ya mu 1931, isimba za mkaidi amene akupita naye kokanyongedwa m'mawa. Ali m'njira, mkaidiyo apatuka pang'ono kuti asaponde m'cithaphwi ca madzi, ndipo wapolisi woonerera azindikira pomwepo kuti akupha munthu wamoyo, wa maganizo ake onse. Yaciwiri, Shooting an Elephant, ya mu 1936, icitikira ku Moulmein komweko. Njobvu yoweta yalusa ndi kupha munthu, koma pamene wapolisi aipeza n'kuti itazizira kale, ikudya udzu. Iye aona kuti palibe cifukwa coiphera. Koma kumbuyo kwake kwaima khamu la anthu oposa 2,000 oyembekeza kuona zimene bwana adzacita, ndipo aiombera cabe kuti asasekedwe. Akatswiri atsutsana ngati zonse zinacitika ndendende monga zinalembedwera, koma phunziro limene mlembiyo anatolapo ndi lomveka: wolamulira anzake mwa mphamvu asanduka kapolo wa maso a anthu amene awalamulira.

Kumapeto kwa 1926 anasamutsidwira ku Katha, kumpoto, m'mbali mwa Irrawaddy. Kumeneko anadwala dengue, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu, ndipo mu July 1927 anapatsidwa chuthi cokapuma ku England. Sanabwererenso. Anauza makolo ake kuti asiya nchito ndipo afuna kukhala mlembi. Kwa a Richard Blair, amene anapereka moyo wao wonse ku boma la India ndipo analowanso usilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ali ndi zaka 60, zimenezi zinali zamanyazi. Mwana anataya malipiro abwino ndi penshoni cifukwa ca nchito imene kwa iwo inali masewera.

Zimene anacita pambuyo pake zinaonjezera manyaziwo. Anabvala nsanza ndi kuyamba kugona m'nyumba za anthu osowa pokhala ku London, kuti alawe moyo wa anthu a pansi. Tsiku lina analedzera dala kuti amangidwe aone m'kati mwa ndende monga mkaidi, koma anangosungidwa masiku owerengeka ndi kumasulidwa. Mu 1928 anapita ku Paris, kumene anatsuka mbale m'mahotela. Amene anamuthandiza kumeneko anali wa kucikazi, amai ake aakulu a Nellie Limouzin, mkazi wa maganizo a sosholizimu amene anali kukhala ndi a Eugène Lanti, mtsogoleri wa gulu la olankhula cinenero copangidwa ca Esperanto. Pamene buku loyamba, Down and Out in Paris and London, linali pafupi kutuluka mu January 1933, mlembiyo sanafune kuti makolo ake, amene anali atakhazikika m'tauni ya Southwold, acite manyazi pamaso pa anansi. Anatumiza maina anai kuti wosindikiza asankhepo, ndipo limene linatengedwa linali George Orwell. Orwell ndi mtsinje wa ku Suffolk, cigawo cimene makolowo anali kukhala. Dzina la Blair sanalisinthe mwalamulo mpaka imfa.

Buku la Burmese Days linabvuta kutulutsa. Osindikiza a ku London anaopa kuti azungu a ku Katha adzadzizindikira m'nkhaniyo ndi kukasuma ku khoti, kotero linayamba kutuluka ku New York mu 1934, ndipo ku Britain linatuluka caka cotsatira maina ena atasinthidwa. Anzao akale a ku Burma anakwiya nalo, poona kuti mmodzi wa iwo waulula za m'nyumba.

Mu June 1936 anakwatira a Eileen O'Shaughnessy, mkazi wophunzira pa Oxford, amene anasiya maphunziro ake apamwamba ndi kusenza nchito yambiri ya pakhomo ndi yotaipa ndi kukonza zolemba za mwamuna wake. Kumapeto kwa caka comweco a Orwell anapita ku Spain kukamenya nkhondo kumbali ya boma losankhidwa ndi anthu polimbana ndi asilikali a General Franco. Pa 20 May 1937 cipolopolo cinawapyoza pakhosi, koma anapulumuka. Atangocoka m'cipatala anapeza kuti gulu limene anali kumenyera, la POUM, laletsedwa mosonkhezeredwa ndi a komyunizimu otsatira Stalin, ndipo anzao akutoledwa mmodzi-mmodzi. Apolisi anasecha cipinda ca a Eileen ku hotela mu Barcelona ndi kulanda mapepala. Wapolisi wakale uja anagona m'mabwinja masiku angapo pobisala apolisi, mpaka iye ndi mkazi wake anaolokera ku France. Kwao nakonso sanali womasuka monga anali kuganizira. Mafaelo amene boma la Britain linatsegula mu 2007 aonetsa kuti apolisi acinsinsi anali kumulonda kuyambira mu 1929.

Ku Africa anafikako cifukwa ca cifuwa. Madokotala anawalangiza kukakhala ku dziko lofunda, ndipo anakhala ku Marrakech m'dziko la Morocco kuyambira mu 1938 mpaka 1939. Kumeneko anaona asilikali a ku Senegal akuguba pansi pa akulu a nkhondo a ku France, ndipo analemba kuti mzungu aliyense woona zimenezo adzifunsa mumtima kuti anthu awa adzapusitsidwa kufikira liti asanatembenuze mfuti. Atabwerera anapeza atate ao akudwala khansa. A Richard Blair anamwalira mu June 1939, atayanjana ndi mwana wao, ndipo akuti atatsala pang'ono kutsirizika anawawerengera nyuzipepala imene inayamikira buku latsopano la mwanayo. Mwa mwambo wa kumeneko, pa zikope za malemu panaikidwa makobiri. A Orwell anasowa cocita nao makobiriwo pambuyo pake, ndipo anapita ku gombe ndi kuwaponya m'nyanja.

Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anakanidwa usilikali cifukwa ca thanzi. Kuyambira mu 1941 mpaka 1943 anagwira nchito pa wailesi ya BBC, kukonza mapulogramu opita ku India. Motero munthu amene anasiya upolisi cifukwa codana ndi utsamunda anapezeka akulankhulira boma lomwelo kwa anthu amene linali kuwalamulira, ngakhale kuti iye anali kufuna kuti India ipatsidwe ufulu. Anasiya nchitoyo ataona kuti akutaya nthawi, popeza omvera anali ocepa. Amai ao anamwalira caka comweco ca 1943.

A Orwell ndi a Eileen sanabereke mwana. Mu 1944 anatenga khanda la mwamuna kuti alilere monga wao, ndipo analicha Richard, dzina la atate ao aja. Pa cikalata ca mwanayo panali maina a makolo omubereka. A Orwell anatenga ndudu yoyaka ndi kuocha pamene panali mainawo. Anafuna kuti mwanayo akhale Blair, popanda wina wodzafufuza kumbuyo. Cisangalalo ca banjalo cinali cacifupi, cifukwa pa 29 March 1945 a Eileen anamwalira pa opaleshoni ku Newcastle ali ndi zaka 39, mwamuna wao ali ku Ulaya monga mtolankhani wa nkhondo. Anthu ambiri anayesa kuti adzabweza mwanayo, koma anakana.

Buku la Animal Farm, nthano ya ziweto zimene zipitikitsa mwini famu kenaka n'kuponderezedwa ndi nkhumba zimene zinatsogolera kuukirako, linakanidwa ndi osindikiza angapo cifukwa linali kunyoza Stalin pamene Soviet Union inali bwenzi la Britain pa nkhondo. Linatuluka pa 17 August 1945 ndipo kwa nthawi yoyamba mlembiyo anaona ndalama. Anasamukira ku cisumbu ca Jura ku Scotland, m'nyumba yakutali yopanda magetsi, pamodzi ndi mwana wake ndi mlongo wake Avril. Kumeneko analemba Nineteen Eighty-Four akulimbana ndi cifuwa cacikulu ca TB, ndipo anataipa yekha buku lonselo ali pa bedi. Linatuluka mu June 1949.

Caka comweco anacita cinthu cimene anthu akali kukangana naco. Ali m'cipatala anapereka ku nthambi ina yacinsinsi ya unduna wa nkhani zakunja mndandanda wa maina 38 a olemba, atolankhani ndi akatswiri a zisudzo amene anawaganizira kuti ali kumbali ya komyunizimu, kuti boma lisawapatse nchito yolemba zotsutsa Soviet Union. Dzina la Charlie Chaplin linalipo. Mndandandawo unaululidwa wonse mu 2003. Owateteza akuti palibe amene anamangidwa kapena kucotsedwa nchito cifukwa ca iwo. Ena akuti dzanja limene linalemba mainawo ndi lomwe lija linazolowera kulemba malipoti ku Twante ndi ku Insein.

Mu October 1949 anakwatira a Sonia Brownell ali gone m'cipatala ca University College ku London. Anamwalira m'cipatala momwemo pa 21 January 1950 ali ndi zaka 46, patapita zaka ziwiri Burma italandira ufulu wake. Mwana wao Richard analeredwa ndi a Avril ku Scotland.

Nyumba imene anabadwiramo ku Motihari ikalipo, pafupi ndi mabwinja a nyumba yosungiramo opium imene atate ao anali kuyang'anira, ndipo boma la Bihar linaiika pa malo otetezedwa. Ku Mawlamyine banja la Limouzin linatha kale. Mlembi Emma Larkin, amene anayenda m'malo onse amene a Blair anagwirako nchito ndi kutulutsa buku lake mu 2004, anapezako mseu umene ukali ndi dzina la banjalo. Eni mzinda alichula mwa cinenero cao, ndipo m'kamwa mwao limveka ngati mau onena za malalanje.